Marie Curie: mayi yemwe adapeza chuma kudzala

Eni mgodi wa ku Joachimsthal, dera lomwe lero lili m'dziko la Czech Republic, ankati akachotsa uranium m'miyala, zotsalira ankakazitaya kunkhalango ya paini. Sankadziwa kuti kudzalako akutayako chuma choposa chomwe ankakumba. Yemwe adatulukira zimenezi ndi Marie Curie.

Mayiyu adabadwira mumzinda wa Warsaw ku Poland pa 7 November 1867. Kwawoko atsikana sankaloledwa kulowa yunivesite, choncho adayamba kaye wagwira ntchito yophunzitsa ana m'makomo mwa anthu. Mu 1891 adapita kukaphunzira ku Paris komwe adakwatiwa ndi wasayansi mnzake, Pierre Curie, mu 1895.

Poyeza miyala yotchedwa pitchblende, momwe mumachokera uranium, Marie adadabwa kuona kuti ikutulutsa mphamvu yochuluka kuposa ya uranium yemwe adalimo. Apa adadziwa kuti muli china chobisika. Mu 1898 banjali lidalengeza kuti latulukira zitsulo ziwiri zatsopano, polonium ndi radium.

Koma asayansi anzawo ankafuna kuona ndi maso, pomwe awiriwa adalibe ndalama zogulira miyala yambiri. Mwayi udadza boma la Austria, lomwe linkayendetsa mgodi uja, litawapatsa tani ya zotsalirazo. Matumba adafika ku Paris odzaza fumbi losakanikirana ndi masamba a paini.

Ntchito idachitikira m'chishedi chodontha chomwe kale ophunzira zaudokotala ankang'ambiramo mitembo. Marie ankatenga makilogalamu 20 nthawi imodzi, kuwiritsa m'chimphika, n'kumatakasa tsiku lonse ndi chitsulo chotalika pafupifupi msinkhu wake. Akatero ankasefa n'kuyambiranso. Pofika mu 1902 adapeza mchere wa radium wolemera magalamu 0.1 okha, koma udali umboni wokwanira.

Mu 1903 Marie adakhala mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel, ndipo ina adalandira mu 1911, patatha zaka zisanu Pierre atamwalira pogundidwa ndi ngolo. Njira yawo yoyengera radium banjali silidaigulitse, lidaisiya kuti aliyense aigwiritse ntchito, ndipo madokotala adayamba kuthandizira odwala khansa ndi chitsulochi.

Tsoka ilo, mphamvu yomweyo idamudya pang'onopang'ono. Marie adamwalira pa 4 July 1934 ndi matenda a magazi. Mpaka lero makope omwe ankalembamo amasungidwa m'mabokosi a mtovu ku Paris chifukwa akadatulutsabe mphamvu yoopsayo.