Louis wa ku Montfort Woyera, Mmishoni Woyendayenda

Pa 28 Epulo Eklezia amakumbukira Louis-Marie Grignion de Montfort Woyera, nkhoswe ya parishi ya Balaka. Dzina lake ndi lozolowereka m'tauni muno: lili pa tchalitchi, lili pa Montfort Media, ndipo ansembe a chipani chake akhala akutumikira kuno kwa zaka zambiri. Koma mwini dzinali sadapondeko mu Afrika. Adakhala wansembe zaka 16 zokha, ndipo ntchito yake yaikulu inali kulowa m'parishi ya eni, kuphunzitsa ndi kulalika kwa mwezi umodzi kapena kupitirirapo pang'ono, kenaka n'kunyamuka kupita kwina.

Ubwana ndi maphunziro

Louis adabadwa pa 31 Januwale 1673 m'katauni ka Montfort, m'chigawo cha Brittany, kuzambwe kwa dziko la France, ndipo adabatizidwa m'mawa mwake. Bambo ake, a Jean-Baptiste Grignion, anali katswiri wa zamalamulo koma wamtima wapachala. Mayi ake, a Jeanne Robert, adabereka ana 18, ndipo angapo adamwalira ali aang'ono. Atakula, Louis ankakonda kudzitchula wa ku Montfort m'malo mwa dzina la bambo ake, polemekeza malo amene adalandirirako ubatizo.

Ali ndi zaka pafupifupi 12 adapita kusukulu ya ansembe a chipani cha Jesuit mumzinda wa Rennes. Kumeneko wansembe wina, Bambo Julien Bellier, ankatenga anyamata a sukulu kukazonda odwala ndi amphawi, nawafotokozera za ntchito yolalika m'midzi. Pamene ankayandikira zaka 20, Louis adanyamuka kupita kuseminale ku Paris, ulendo wa makilomita oposa 300, wapansi. Ndalama za kamba adagawira opemphapempha, ndipo zovala zatsopano zimene adampatsa kwawo adasinthana ndi sanza za wosauka wina. Ku Paris ankachezera mitembo usiku kuti apeze ndalama zolipirira maphunziro, mpaka adadwala kwakayakaya. Atachira adalandiridwa kuseminale ya Saint-Sulpice, kumene ankasamala nyumba ya mabuku nawerenga mabuku ambiri onena za Amayi Maria. Adadzozedwa unsembe mu Juni 1700.

Wansembe wosowa pokhala

Mtima wake unali pa kupita kutali, makamaka ku Canada, kukalalika kwa anthu amene anali asanamve za Khristu. Akuluakulu ake sadalole. Mu 1701 adakafika ku Poitiers, kunyumba yaikulu yosungirako amphawi, okalamba ndi odwala. Ankadya zomwe iwo ankadya, kutsuka zilonda zawo ndi kukawapemphera chakudya mumzinda. Kumeneko adakumana ndi mtsikana wochokera m'banja lolemekezeka, Marie-Louise Trichet, amene pa 2 Febuluwale 1703 adavala chovala chotuwa cha usisiteri nakhala woyamba m'chipani cha Daughters of Wisdom.

Louis sanali munthu wapafupi kukhala naye. Ankavala zong'ambika, ankadzudzula poyera mosaopa nkhope ya munthu, ndipo nthawi zina changu chake chinkapyola muyeso. Amphawi ankamukonda kwambiri, pamene oyang'anira zipatala ndi ansembe ena ankamuona ngati wosokoneza. Ku Paris adachotsedwa pachipatala cha Salpêtrière, nakakhala m'kachipinda ka pansi pa masitepe. Mu 1706 Ambuye Episkopi a ku Poitiers adamuletsa kulalika mu dayosizi yawo.

Apa Louis adaganiza zokafunsa Apapa eniake. Adayenda wapansi makilomita oposa 1,000, akupemphetsa chakudya m'njira, ndipo mu Juni 1706 adaonekera pamaso pa Papa Clement XI napempha kuti atumizidwe kumaiko akutali. Apapa adakana. Adamuuza kuti ntchito ilipo yokwanira kwawo ku France komweko, kuti akaphunzitse katekisimu kwa ana ndi akulu, akathandize akhristu kubwereza malonjezo a ubatizo wawo, ndiponso kuti azimvera maepiskopi. Adamupatsa udindo wa mmishoni wotumidwa ndi Apapa. Louis adabwerera, ndipo zaka 10 zotsala za moyo wake adazithera m'midzi ndi m'matauni a kuzambwe kwa France.

M'mene ankagwirira ntchito

Anthu a m'midzi imeneyo anali obatizidwa kale, koma ambiri sankadziwa chimene ubatizo wawo unkatanthauza. Louis akafika m'parishi pamodzi ndi anzake ochepa, monga Bulazala Mathurin Rangeard amene ankayenda m'misewu akuimba ndi kuitana anthu, ankachititsa chitsitsimutso cha masabata angapo. Kunkakhala ulaliki m'mamawa ndi madzulo kuti anthu asalephere ntchito za kumunda, katekisimu wa ana masana, ndi maola ambiri a sakramenti la kulapa. Ankayanjanitsa mabanja ndi anansi amene anali pa milandu. Popeza ambiri sankatha kuwerenga, adapeka nyimbo zoposa 160, naika chiphunzitso cha Eklezia m'maimbidwe amene anthu ankawadziwa kale kumisika ndi kumadyerero.

Louis ankakana kuti munthu wachuma alipiriretu chitsitsimutso. Chakudya cha amishoni chinkachokera kwa akhristu a pamalopo, ndipo chimene chabwera ankadyera pamodzi ndi amphawi. Motero anthu ankaona kuti ntchitoyo ndi yawo. Akapeza tchalitchi chakugwa kapena manda a tchire, ankaitana eni mudzi kuti akonze ndi manja awo.

Chimake cha zonse chinali tsiku lobwereza malonjezo a ubatizo. Anthu ankayenda pa mdipiti, kugwadira buku la Mthenga Wabwino, kumpsompsona pobatizira, ndi kudzipereka kwa Yesu kudzera m'manja mwa Amayi Maria. Aliyense ankapita kunyumba ndi kapepala ka pangano lake ndi Mulungu. Asanachoke, Louis ankadzala mtanda waukulu ndi kusiya magulu opitiriza ntchito: opemphera Kolona tsiku ndi tsiku, osamala tchalitchi, othandiza odwala, ndipo kwina sukulu ya ana osauka. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Iye ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake kuyambira tsiku lofika ankafunafuna anthu amene adzagwire ntchitoyo iye atapita.

Phiri la ku Pontchâteau

Mayeso aakulu adamupeza ku Pontchâteau, mu dayosizi ya Nantes. Mu 1709 adalimbikitsa anthu kuunjika dothi ndi miyala kuti apange phiri longa la Kalvare. Kwa miyezi yoposa 12 anthu mazanamazana ankabwera tsiku lililonse ndi makasu ndi ngolo zawo, osalandira malipiro. Mwambo wodalitsa phirilo udakonzedwa kuti uchitike pa 14 Sepitembala 1710, pa chaka cha Mtanda Woyera. Koma adani ake adakanena kwa akuluakulu a boma kuti phirilo likhoza kusanduka linga la Angerezi, amene nthawiyo anali pa nkhondo ndi France. Madzulo a tsiku loti mawa ndi mwambo, uthenga udafika woletsa madalitsowo. Louis adayenda usiku wonse kupita ku Nantes kukadandaula kwa Ambuye Episkopi, koma sizidatheke, ndipo Mfumu Louis XIV idalamula kuti phirilo ligumulidwe.

Anthu zikwizikwi anali atasonkhana, ndipo mawu amodzi a Louis akadatha kuyambitsa chipolowe. Iye adamvera, napita kukachita m'bindikiro kwa ansembe a Jesuit. Zidzukulu za anthu omwewo zidamanganso phirilo mu 1821, ndipo mpaka lero akhristu amapitako pa maulendo a mapemphero.

Zaka zomaliza

Kuyambira 1711 Louis adapeza maepiskopi omulandira ku La Rochelle ndi ku Luçon. Ku La Rochelle anthu ena adamuthirira chiphe m'chakudya; adapulumuka, koma thupi lake silidabwererenso mwakale. M'zaka zimenezi adalemba buku lake lotchuka lonena za kudzipereka koona kwa Maria Virigo Woyera, adatsekula sukulu zaulere za ana osauka, naitana Sisiteri Marie-Louise kuti adzayang'anire ya atsikana. Chipani cha ansembe chimene adachipempherera kuyambira 1700 chinkachedwa kubadwa. Adangopeza awiri: Bambo Adrien Vatel, amenenso ankafuna kupita kumaiko akutali, ndi Bambo René Mulot, amene anali wodwaladwala.

Mu Epulo 1716 adayamba chitsitsimutso ku Saint-Laurent-sur-Sèvre. Adadwala chili mkati, nalalika komaliza za kufatsa kwa Yesu ali ndi malungo aakulu. Adamwalira pa 28 Epulo 1716 ali ndi zaka 43, ndipo Bambo Mulot ndiwo adatsiriza chitsitsimutsocho. Adasiya ansembe awiri aja, mabulazala ochepa ndi masisiteri ochepa. Buku lake la za Maria lidabisika m'bokosi mpaka lidapezeka mu 1842. Ndi buku lomweli limene lidakhudza Frank Duff, amene adayambitsa gulu la Alejio ku Dublin mu 1921, ndiponso Papa Yohane Paulo II, amene adakapemphera pa manda a Louis mu 1996. Papa Pius XII adamuika m'gulu la oyera pa 20 Julayi 1947.

Ulendo umene iye sadayende

Ulendo umene Apapa adamukaniza adauyenda ana ake. Amishoni a Montfort adafika ku Haiti mu 1871 ndi ku Canada mu 1883. Mu 1901, zaka 185 iye atamwalira, Bambo Pierre Bourget, Bambo Auguste Prézeau ndi Bambo Antoine Winnen adakwera mtsinje wa Shire nakakhazikitsa mishoni ya Nzama ku Ntcheu, m'dera la Mfumu Njobvuyalema, atawaitana Ambuye Joseph Dupont. Masisiteri a Daughters of Wisdom adawatsatira mu 1904. Mishoni ya Nguludi idatsekulidwa mu 1903, ndipo ya Utale, m'boma lino la Balaka, mu 1908. Ansembewo anali ochepa, ndipo m'midzi yambiri ankangofikamo mwa apo ndi apo. Amene ankaphunzitsa katekisimu ndi kutsogolera mapemphero masabata onse apakati anali aphunzitsi ndi makatekisiti a konkuno. Pambuyo pake kudabwera Amontfort a ku Italy, ndipo mmodzi mwa iwo, Ambuye Alessandro Assolari, adakhala episkopi woyamba wa dayosizi ya Mangochi mu 1973. Makina osindikizira a Amontfort kuno ku Balaka ndiwo adasindikiza kalata ya maepiskopi imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992.

Masiku ano Balaka imalandira alendo ochokera ku Italy ndi maiko ena, amene amabwera kwa masabata ochepa kudzathandiza pa zomangamanga, pa zachipatala ndi m'masukulu. Nakonso kuno kumachoka anthu: oimba a Alleluya Band akhala akukaimba ku Italy, ansembe ndi masisiteri Achimalawi akutumikira kunja, ndipo magulu a achinyamata, amayi ndi Alejio amapita kumatchalitchi a kumidzi kumapeto a sabata. Ena amakayika ngati maulendo aafupi otere ali ndi phindu, poona ndalama zimene zimathera pa ndege ndi pa galimoto, ndi nyumba zina zimene zimayamba kugwa alendo akangochoka.

Moyo wa Louis ukuonetsa kuti ulendo waufupi ukhoza kubala zipatso zokhalitsa, komanso ukuonetsa zofunika kuti zitero. Iye ankalowa m'parishi ndi chilolezo cha eni, ndipo akauzidwa kuti achoke ankachoka. Ankadya chakudya cha anthu amene ankawalalikira. Ankachoka atasiya anthu odziwika amene adzapitirize ntchitoyo. Wopita kukatumikira kwina angadziyese ndi muyeso umenewu. Olandira alendo nawonso ali ndi mbali yawo: mphakati kapena tchalitchi chimene chalandira chithandizo chiyenera kudziwa, alendo asanakwere galimoto, amene adzasamale mjigo, amene adzaphunzitse ana ndi amene adzatsogolere Kolona mwezi wotsatira.

Chikumbutso cha Louis chimafika pafupi ndi usiku wa Pasaka, pamene akhristu onse amaimirira ndi makandulo m'manja kubwereza malonjezo a ubatizo wawo. Mwambo umenewu ndiwo unali chimake cha chitsitsimutso chilichonse chimene iye adachititsa, ndipo kusunga malonjezowo ankakusiya m'manja mwa akhristu a pamalopo.

Louis wa ku Montfort Woyera, mutipempherere ife.