Bishopu Mackenzie ndi kamwana ka paphewa

Amayi anzathu, ana a Sande sukulu akatifunsa kuti umboni n'chiyani, tiziwasimbira za Bishopu Charles Mackenzie. Anafika ku Magomero, kufupi nafe kuno ku Phalombe, mu 1861, pamodzi ndi anthu amene iwo ndi David Livingstone anawamasula m'magoli a ukapolo. Pa ulendo wina kamtsikana kena, Daoma, kanalephera kuyenda. A Bishopu anakanyamula paphewa. Chinyanja anali asanachidziwe bwino, koma ulaliki umenewo anthu anaumva.

Pambuyo pake bwato lawo linagubuduzika, kwinini n'kutayika m'madzi, ndipo malungo anawatenga pa 31 January 1862, pamene Ruo amathira mu Shire. Ife amene tinagwirapo ntchito m'chipatala, zimenezi zimatiwawa mpaka lero.

Daoma uja anakakulira ku Cape Town, nakhala mphunzitsi wa ana amasiye.