Legson Kayira: mnyamata wa ku Nthalire yemwe adalondola sukulu wapansi

Masiku ano mwana akadandaula kuti sukulu yatalika, mufotokozereni za malemu Legson Didimu Kayira, mwana wa m'mudzi mwa Mpale ku Nthalire m'boma la Chitipa, yemwe adayenda wapansi makilomita oposa 3,000 kufunafuna maphunziro.

Kayira adabadwa cha m'ma 1942 m'banja losauka. Malinga ndi mbiri yomwe adalemba yekha, ali wakhanda mayi ake adamuponya mumtsinje wa Didimu atasowa pogwira, koma adapulumutsidwa. Apo ndi pomwe padachokera dzina la Didimu. La Legson adadzipatsa yekha ali pasukulu.

Nthawi imeneyo sukulu za m'midzi zidalibe zipangizo zokwanira. Ana ambiri ankayamba kuphunzira zilembo polemba pamchenga kapena pasileti, kwinaku akubwereza mokweza zomwe aphunzitsi anena. Kayira adalimbikira mpaka adakalowa sekondale ya Livingstonia, yomwe mbalume yake inkalimbikitsa wophunzira aliyense kuti aziyesa.

Zomwe ankawerenga ndi zomwe zidamusokosera mumtima. Adawerenga za Abraham Lincoln, mwana wa m'banja losauka yemwe adakhala mtsogoleri wa dziko la America, komanso za Booker T. Washington, yemwe adabadwira muukapolo koma n'kudzakhala mphunzitsi wotchuka. Mnyamatayo adatsimikiza kuti naye akaphunzira ku America, ngakhale adalibe ndalama kapena chiphaso choyendera.

Pa 14 October 1958 adanyamuka wopanda nsapato. Adatenga kamba wa masiku asanu, bulangete, kankhwangwa, mapu, Baibulo ndi buku la The Pilgrim's Progress. Cholinga chake chidali kukafika ku Egypt kuti akapeze ntchito m'sitima ya pamadzi yopita ku America.

Ulendo udali wowawa. Kamba atatha, ankagwira maganyu m'njira kuti apeze chakudya. Adadutsa ku Tanganyika mpaka kufika mumzinda wa Kampala ku Uganda mu 1960. Kumeneko, m'laibulale ya boma la America, adapeza buku la mndandanda wa makoleji ndipo adalembera kalata ku Skagit Valley College ya ku Mount Vernon m'chigawo cha Washington. Kolejiyo idamupatsa malo pamodzi ndi thandizo la fizi.

Adapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum m'dziko la Sudan komwe adapeza chilolezo cholowera ku America. Anthu a ku Skagit Valley, atamva nkhani yake, adasonkha ndalama za ndege ndipo adafika kumeneko mu December 1960, patatha zaka ziwiri chichokereni kwawo.

Atamaliza pakolejiyo adakaphunzira zandale ku University of Washington, kenako mbiri yakale ku Cambridge ku Mangalande.

Mu 1965 adatulutsa buku la mbiri yake, I Will Try, lomwe mutu wake adautenga ku mbalume ya Livingstonia ija. Adalembanso The Looming Shadow, Jingala, The Civil Servant ndi The Detainee la mu 1974, lomwe limadzudzula ulamuliro wankhanza.

Kayira adakhazikika ku Mangalande ndipo adamwalirira ku London pa 14 October 2012, tsiku lomwelo lomwe adanyamukira kwawo zaka 54 m'mbuyomo.

Makolo, mwana akamachokera kusukulu muzimufunsa zomwe wawerenga lero. Kayira ulendo wake udayambira pabuku.