Mbiri ya Malemu Orton Ching'oli Chirwa (1919–1992)

Malemu Orton Edgar Ching'oli Chirwa anabadwa pa 30 Januwale 1919 m'boma la Nkhata Bay. Anaphunzira ku Fort Hare m'dziko la South Africa, ndipo mu 1958 anatsiriza maphunziro a zamalamulo ku Lincoln's Inn mumzinda wa London, nakhala loya woyamba wachikuda m'dziko la Nyasaland.

Boma la atsamunda litaletsa chipani cha Nyasaland African Congress mu Malichi 1959 ndi kutsekera atsogoleri ake, a Chirwa anayambitsa Malawi Congress Party pa 30 Seputembala chaka chomwecho, nakhala pulezidenti wake woyamba. Dr. Hastings Kamuzu Banda atatuluka m'ndende mu Epulo 1960, a Chirwa anawatulira mpandowo mosanyinyirika. Dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, iwo anali nduna ya zachilungamo.

Pasanathe miyezi iwiri, m'bwalo la nduna munabuka mkangano. Nduna zambiri, kuphatikizapo a Chirwa, zinadandaula kuti mtsogoleri akudziunjikira maudindo, kuti odwala akulipitsidwa tiki m'zipatala za boma, ndiponso kuti pakukonzedwa lamulo lotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Phata la mkanganowo linali funso limodzi: kodi mphamvu za wolamulira zilekeze pati? Makolo anaiona kale nkhani imeneyi pamene anati mutu umodzi susenza denga. Pabwalo la mfumu, mlandu sugamulidwa nduna zisanaunike ndi woimbidwa mlandu asanayankhepo.

Pa 7 Seputembala 1964 a Chirwa anachotsedwa unduna, ndipo pambuyo pake anathawira ku Tanzania. Pa 24 Disembala 1981 iwo, mayi Vera Chirwa ndi mwana wawo anagwidwa cha kumalire a Zambia ndi Malawi. Banjali linaimbidwa mlandu woukira boma m'khoti la mafumu ku Blantyre, kumene maloya sankaloledwa kuimira munthu. Motero katswiri wa malamulo anaweruzidwa wopanda womuimira. Mu 1983 analamulidwa kuti aphedwe, koma maiko akunja atadandaula, mu 1984 chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992, ali ndi zaka 73, patatsala miyezi isanu ndi itatu kuti Amalawi asankhe ndale za zipani zambiri pa 14 Juni 1993.

Anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi sanachite kumva patali zimene a Chirwa anaopa. M'zaka zomwezo ndende ya Dzaleka m'boma la Dowa inasunga anthu ambiri ogwidwa pa zifukwa za ndale, osaonekera kukhoti. Malowo anasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994.

Lero malamulo aakulu a dziko amati munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo pulezidenti asapitirire zigawo ziwiri zotsatizana za zaka zisanu. A Chirwa sanakhale ndi moyo kuti awerenge malamulo amenewa, koma malire amene anawafuna mu 1964 alembedwamo. Kuwasunga ndi udindo wa mafumu, nduna zawo ndi mzika iliyonse.