Mbiri ya Solon, Wokonza Malamulo wa ku Athens

Inu abale a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, ndi inu a m'migodi ndi m'mapulazi, imvani mbiri ya Solon, mwamuna wa mudzi wa Athens m'dziko la Greece.

Masiku ace minda yambiri inali m'manja mwa eni cuma owerengeka. Osauka analima napereka kwa iwo limodzi la magawo 6 a zokolola, cinthu cofanana pang'ono ndi thangata wa ku Thyolo ndi Mulanje. Koma coipa copambana cinali ici: wokongola anaika thupi lace cikole, ndipo akalephera kubweza mangawa anasanduka kapolo, iye ndi ana ace. Ena anagulitsidwa kutsidya la nyanja, ena anathawa okha.

Nkhondo ya pa cibale ili pafupi, m'caka ca 594 Kristu asanabadwe, olemera ndi osauka anasankha Solon akonze mudzi. Iye anafafaniza mangawa, nazula miyala ya cikole yoimikidwa m'minda, naletsa kuti munthu wa Athens akhalenso cikole ca ngongole. Ndipo anabweza kwao ogulitsidwa aja, angakhale ena, pocedwa kucilendo, anali ataiwala cinenero ca makolo ao. Sanawayesa alendo cifukwa ca lilime.

Apa tiime pang'ono, pakuti nkhani iyi ikhudza macona. Lamulo la Zimbabwe la caka ca 2001 linacotsa unzika kwa ambiri obadwira konkuno mwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, nataya nao mphamvu yakusankha atsogoleri. Ambiri a iwo sanaonepo mudzi wa atate ao. Lamulo lalikuru la dziko la 2013 ndilo linawawerenganso ana a pano.

Solon anaikanso kuti munthu ali yense akhoza kusumira mlandu m'malo mwa mnzace wolakwiridwa, ndi kuti wosakondwa ndi ciweruzo ca akuru aturukire ku bwalo la anthu wamba. Aristotle, polemba zaka zoposa 200 pambuyo pace, anawerenga izi ziwiri, pamodzi ndi kuletsa cikole cija, kuti ndizo zinapatsa anthu wamba mphamvu. Komatu tisamkweze koposa: akapolo ogulidwa kwa mitundu ina sanawamasula, ndipo maudindo akuru anawasiyira a nkhokwe zodzala.

Palibe anamthokoza. Olemera analira cuma cao, osauka anakwiya kuti sanagawa minda. Abwenzi anamkakamiza alande ufumu, koma anakana, nacoka zaka 10, nayenda ku Egypt ndi ku Cyprus, kuti anthu azolowere kumvera malamulo mwini wace palibe. Atabwera anapeza mudzi uli wogawanika, ndipo m'ukalamba wace anaona Peisistratus alikulanda ufumu umene iye anaukana. Anawacenjeza anthu, osamumvera; ndipo posacedwa anamwalira.