LORD BADEN-POWELL, MSILIKALI AMENE ADAYAMBITSA MASIKAUTI

Anzanga, m'kope lino ndati tikumbutsane za munthu amene ambirife tidangomumva dzina pamene gulu la masikauti limayambiranso m'dziko muno ife tili ku sekondale. Ameneyu ndi Robert Baden-Powell.

Mkuluyu adabadwira mumzinda wa London pa 22 February 1857. Bambo ake, amene anali mbusa komanso mphunzitsi pa yunivesite ya Oxford, adamwalira iye ali ndi zaka zitatu, ndipo adaleredwa ndi mayi ake. Pa sukulu ya Charterhouse sanali wanzeru zoopsa m'kalasi ayi. Chimene ankakonda ndi kuzembera kunkhalango ya pafupi ndi sukuluyo, komwe ankatchera akalulu ndi kuwaotcha pa kamoto kopanda utsi kuopa kuti aphunzitsi angamuone. Ife amene tidakula tikuweta ng'ombe ndi kukumba mbewa m'madambo a ku Ntcheu kuno sitingadabwe ndi mnyamata wotereyu.

Mu 1876 adalowa usilikali natumizidwa ku India. Kumeneko adaona kuti anyamata ambiri obwera kuusilikali ankadziwa kuguba, koma kuwasiya okha patchire ankasowa mtengo wogwira. Choncho adayamba kuwaphunzitsa m'timagulu ting'onoting'ono kulondola mapazi, kuwerenga mapu ndi kudziphikira okha.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, pakuti ambirife ndife zidzukulu za Angoni. Baden-Powell anali msilikali wa atsamunda. Mu 1888 adamenya nawo nkhondo yolimbana ndi Dinuzulu, mfumu ya Azulu. Mu 1896 anali ku Matabeleland kuthira nkhondo Amandebele, ndipo adalamula kuti mfumu ina, dzina lake Uwini, iwomberedwe. Akuluakulu ake adamufufuza pa nkhaniyi koma sadamulange. Chaka chomwecho, pa 27 October, asilikali ena a Angerezi adapha Inkosi Gomani Chikuse m'boma lathu lino. Iye kuno sadafike, koma yunifomu inali yomweyo. Tikamapita ku Umhlangano ku Nkolimbo, izi sitingaziiwale.

Chodabwitsa n'chakuti zambiri zimene adadzaphunzitsa ana a ku Mangalande adazitola kwa anthu omwe ankamenyana nawowo. Luso lake lolondola mapazi adalinola m'mapiri a Matobo. Timikanda tamtengo timene atsogoleri a masikauti amavala akatsiriza maphunziro awo, iye mwini ankanena kuti toyambirira tidachokera pa mkanda wa Dinuzulu.

Dzina lake lidamveka pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu. Tauni ya Mafeking idazingidwa masiku 217, kuyambira October 1899 mpaka 17 May 1900, iye ndiye akulamula asilikali a m'katimo. Anthu akuda a m'tauniyo adavutika kwambiri ndi njala, ndipo ambiri adafa. M'masiku amenewo anyamata ang'onoang'ono ankatumidwa kukapereka mauthenga panjinga, kuti akuluakulu asachoke pamalo awo. Baden-Powell adaona kuti mnyamata ukamukhulupirira ndi kumupatsa udindo weniweni, amausenza.

Atabwerera kwawo adapeza kuti kabuku kamene adalembera asilikali, Aids to Scouting, kakuwerengedwa ndi ana a sukulu. Pa 1 August 1907 adamanga msasa pa chilumba cha Brownsea ndi anyamata pafupifupi 20, ena ochokera m'mabanja olemera, ena ana a anthu wamba. Adawagawa m'timagulu tinayi, kalikonse ndi mtsogoleri wake yemwe anali mnyamata mnzawo. Mu 1908 adatulutsa buku la Scouting for Boys, ndipo anyamata adayamba kupanga okha magulu osadikira munthu wamkulu. Mu 1910 adapuma usilikali, ndipo chaka chomwecho iye ndi mlongo wake Agnes adakhazikitsa gulu la atsikana la Girl Guides. Msonkhano woyamba wa masikauti a dziko lonse udachitikira ku London mu 1920, ndipo mu 1929 adapatsidwa ulemu wa Lord. Atakalamba adasamukira ku Nyeri m'dziko la Kenya, komwe adamwalira pa 8 January 1941. Pamanda ake adalembapo kalizunguliro kokhala ndi kadontho pakati, chizindikiro chimene sikauti amasiya panjira pofuna kudziwitsa anzake kuti wapita kwawo.

Kuno kwathu gululi lidafika nthawi ya atsamunda, koma boma la chipani chimodzi lidaliletsa, ndipo malo ake adatengedwa ndi Apayoniya. Lidayambiranso mu 1996, ndipo mu 2005 Malawi idalandiridwa m'bungwe la masikauti a dziko lonse. N'chifukwa chake akulu athu ambiri usikauti sadaudziwe konse.

Tsono mnyamata amapindulanji? Choyamba ndi manja odziwa ntchito: kumanga mfundo yosamasuka, kusonkha moto nkhuni zitanyowa, kuletsa magazi pabala, kunyamula wovulala ndi mitengo iwiri ndi bulangete. Chachiwiri ndi utsogoleri. M'kagulu ka anyamata 6 kapena 8 mulibe pobisala. Woiwala mchere, onse amadya ndiwo zosakolera, ndipo mawa lake saiwalanso. Mwana wa bwana ndi mwana wa mlimi wa mbatata ku Tsangano amatunga madzi ndi ndowa imodzi. Chachitatu ndi chizolowezi chothandiza munthu tsiku lililonse popanda kutambasula dzanja. M'zaka zimene ndagwira ntchito m'boma ndaona kuti masatifiketi tili nawo ambiri, koma anthu osunga nthawi, osamala katundu wa onse ndiponso otsiriza chimene ayamba ndi osowa. Zimenezi siziphunzitsidwa pabolodi. M'mera mpoyamba.

Chinanso ndi kukonda tchire. Mnyamata amene wagonapo m'nkhalango ya Mvai, naona ndi maso ake komwe madzi a damu la Mpira amachokera, akadzakula adzaganiza kawiri asanalole kuti mitengo yonse ithere m'matumba a makala.

Ine sindikuti tiyeretse mbiri ya Baden-Powell. Ana athu tiwauze zonse, za Brownsea ndi za Uwini zomwe. Koma nzeru yophunzitsa mnyamata patchire makolo athu anali nayo kale kubusa, ndipo ife tikungoitenganso. Chimene chikusowa pasukulu pathu ndi matenti, mapoto, zingwe, komanso akuluakulu olola kupereka Loweruka limodzi pamwezi. Mutu umodzi susenza denga. Ndikupempha komiti kuti nkhaniyi ikhalepo pa msonkhano wathu ukubwerawu, ndipo aliyense abwere ataganiza kale chimene angapereke.