Mbiri ya Bambo Gregor Mendel, Wansembe Wowerenga Nsawawa

Mawu oyamba

Dzina la Gregor Mendel ndidayamba kulimva ndili ku sekondale, m'phunziro la Biology. Aphunzitsi adajambula kabokosi ka zipinda zinayi pa bolodi, nalembamo zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ife n'kumakopera. Ndidaloweza zonsezo kuti ndikhoze mayeso, koma sindidafunseko kuti munthuyo adali yani. Chomwe chidandibwezera kwa iye ndi nkhani ya m'mudzi mwathu. Mayi wina adabereka mwana wachialubino. Akuchimuna adakana kuti mwanayo si magazi awo popeza kumtundu kwawo kulibe munthu wotero, ndipo mkamwiniyo adalongedza katundu wake n'kubwerera kwawo. Patapita zaka ndidazindikira kuti yankho la mlandu umenewu lidapezeka kalekale m'dimba la nsawawa ku Ulaya. M'chimangirizo chino ndifotokoza moyo wa mwini dimbalo, ntchito yake, ndiponso zomwe akafukufuku a masiku ano apeza poyenda m'mapazi ake.

Mwana wa mlimi

A Mendel adabadwa mu Julaye 1822 m'mudzi wa Heinzendorf, womwe lero umatchedwa Hynčice, m'dziko la Czech Republic. Nthawi imeneyo derali lidali pansi pa ufumu wa Austria. Dzina lawo la ubatizo lidali Johann. Bambo awo, a Anton, adali mlimi wamba amene ankakakamizidwa kugwira ntchito yaulere kwa mwini malo masiku angapo pa sabata, zofanana ndi thangata yemwe agogo athu amasimba. Mnyamatayo adakula akuthandiza bambo ake kusamala mitengo ya zipatso ndi njuchi.

Aphunzitsi ataona kuti mwanayo ndi wanzeru, adalimbikitsa makolo kuti apitirize sukulu, ndipo mu 1834 adapita ku tawuni ya Troppau. Ndalama zidali zosakwana, kotero kuti nthawi zambiri ankagona ndi njala. Mu 1838 bambo ake adavulala kwambiri thunthu la mtengo litawagwera, ndipo kuyambira pamenepo Johann ankadzilipirira yekha pophunzitsa ana anzake. Nkhawa zikamuchulukira ankadwala mpaka kubwerera kumudzi kukagona miyezi. Amene adamupulumutsa ndi mlongo wake wamng'ono, Theresia, yemwe adapereka gawo la chuma chomwe makolo adamusungira cha ukwati wake kuti Johann amalize maphunziro ku Olomouc. A Mendel sadaiwale. Atapeza bwino adaphunzitsa ana aamuna atatu a Theresia, ndipo awiri mwa iwo adadzakhala madokotala. Ambiri a ife pano pa koleji tikudziwa kuti pambuyo pa wophunzira aliyense pamakhala mbale wina amene adadzimana.

Wansembe wolephera mayeso

Mu 1843 a Mendel adalowa m'nyumba ya ansembe a chipani cha Augustino Woyera mu mzinda wa Brno, ndipo kumeneko ndi komwe adalandira dzina loti Gregor. Iwo eni sadabise kuti umphawi udathandiza nawo kuwasankhira njira imeneyi. Mwayi wake, nyumbayo idali ya anthu okonda maphunziro. Mkulu wake, Cyrill Napp, ankatenga mbali m'mabungwe a alimi, ndipo popeza chuma cha Brno chidadalira ubweya wa nkhosa, funso loti mwana wa nkhosa amatengera chiyani kwa makolo ake, ndipo amatengera motani, lidali funso la ndalama.

A Mendel adadzozedwa unsembe mu 1847, koma ntchito yoyendera odwala m'chipatala inkawadwalitsa iwo omwe. Napp adawatumiza kukaphunzitsa ku Znaim mu 1849. Chaka chotsatira adalemba mayeso a uphunzitsi ndipo adalephera. M'malo mowataya, Napp adawatumiza ku yunivesite ya Vienna, komwe kuyambira 1851 mpaka 1853 adaphunzira fizikisi kwa Christian Doppler ndi za zomera kwa Franz Unger. Mu 1856 adayesanso mayeso aja, ndipo adabwerako opanda satifiketi. Motero munthu amene dziko lonse limamutcha tate wa sayansi ya chibadwa adaphunzitsa zaka zonse ngati mphunzitsi wogwirizira. Komabe ku Vienna adatengako chinthu chomwe akatswiri a zomera a nthawi imeneyo adalibe, chomwe ndi chizolowezi cha anthu a fizikisi choyeza chinthu chimodzi pa nthawi, kuwerenga, ndi kufunafuna lamulo m'manambala.

Zaka za m'dimba

Anthu ophunzira a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti zotengera kwa bambo ndi kwa mayi zimasungunukirana mwa mwana monga mkaka mu tiyi, ndipo zikatero sizingalekanitsidwenso. A Mendel adafuna kuyesa ganizoli. Adasankha nsawawa chifukwa duwa lake limadzibereketsa lokha lisanatseguke, kotero kuti mungu wachilendo sulowa wamba. Adatolera mitundu 34, naidzala zaka ziwiri kuti aone yomwe imabereka ana ofanana ndi kholo nthawi zonse, ndipo adasankhapo 22. Kenaka adatsata zizindikiro zisanu ndi ziwiri, monga njere yosalala kapena yamakwinya, njere yachikasu kapena yobiriwira, ndi mbewu yaitali kapena yaifupi.

Ntchitoyo idali yotopetsa. Ankatsegula duwa lililonse ndi kapani kakang'ono, kuchotsa timitu tonyamula mungu tisanakhwime, kupakapo mungu wa mbewu ina, ndi kulikutira kuti tizilombo tisalifikire. Kuyambira 1856 mpaka 1863 adalima mbewu pafupifupi 28,000.

Atakwatitsa nsawawa zosalala ndi zamakwinya, ana onse adatuluka osalala. Makwinya adaoneka ngati atha. Koma atadzala anawo n'kuwasiya kuti adzibereketse okha, makwinya adabwerera mwa zidzukulu. A Mendel adawerenga njere imodziimodzi: zosalala 5,474, zamakwinya 1,850. Pa mtundu wa njere adapeza zachikasu 6,022 ndi zobiriwira 2,001. Pa zizindikiro zonse zisanu ndi ziwiri chiwerengero chinkayandikira chimodzimodzi: pa zidzukulu zinayi zilizonse, zitatu zinkaonetsa chizindikiro champhamvu, chimodzi chinkaonetsa chija chidabisala.

Kumasulira kwawo kudali kwakuti mbewu iliyonse imasunga tinthu tiwiri tolamulira chizindikiro chimodzi, kena kochokera kwa kholo lachimuna, kena kwa lachikazi. Kamodzi kakhoza kuphimba kanzake, koma sikakawononga. Ikafika nthawi yobereka tinthuto timasiyananso, ndipo mwana amalandira kamodzi kokha kwa kholo lililonse. Choncho chibadwa chimafanana ndi nyemba ndi chimanga zosakaniza m'lichero, zomwe ukhoza kuzisankhulanso. Tinthu timeneti ndi tomwe lero timatcha majini, osati majini a mizimu aja, koma timagawo ta DNA ya m'maselo athu.

Uthenga wopanda womva

A Mendel adafotokoza zotsatirazi ku bungwe la okonda zachilengedwe la ku Brno pa 8 Febuluwale ndi pa 8 Malichi 1865, ndipo zidasindikizidwa mu 1866. Adatumiza makope kwa akatswiri angapo. Amene adalemberana nawo makalata kwa nthawi yaitali ndi Carl Nägeli wa ku Munich, yemwe sadaone kukula kwa nkhaniyo, ndipo adawalimbikitsa kulimbana ndi chomera china chotchedwa Hieracium. Zotsatira zake sizidafanane ndi za nsawawa. Chifukwa chake chidadziwika iwo atamwalira: chomeracho nthawi zambiri chimabereka njere popanda kulandira mungu.

Pa nthawi yomweyo Charles Darwin ku England adali ndi vuto lomwe nsawawa zikadathetsa. M'buku lake la 1859, On the Origin of Species, adaphunzitsa kuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono chifukwa zomwe zili ndi chizindikiro chothandiza ndizo zimapulumuka ndi kubereka kwambiri. Otsutsa adati ngati chibadwa chimasungunuka, chizindikiro chatsopanocho chidzasukuluka m'mibadwo yochepa. A Mendel adawerenga bukuli m'Chijeremani, ndipo kope lawo lokhala ndi timizere tomwe adalemba m'mbali likusungidwabe ku Brno. Darwin adamwalira mu 1882 asadagwiritse ntchito zomwe wansembeyo adapeza.

Mu 1868 a Mendel adasankhidwa kukhala mkulu wa nyumba ya ansembe ija, ndipo maudindo adawalanda nthawi ya kudimba, ngakhale adapitiriza kuweta njuchi ndi kulemba za nyengo tsiku ndi tsiku. Zaka khumi zomaliza adazithera pokangana ndi boma pa msonkho watsopano womwe lidaika pa nyumba za ansembe, ndipo adakana kulipira mpaka imfa. Adamwalira ndi matenda a impso pa 6 Januwale 1884. Anthu ambiri adabwera kumaliro, koma ankalira mtsogoleri wachifundo, osati katswiri wa sayansi. Mapepala awo ambiri adatenthedwa pambuyo pake.

Kubwereranso kwa ntchito yawo

Mu 1900 akatswiri atatu a zomera, Hugo de Vries, Carl Correns ndi Erich von Tschermak, adasindikiza zotsatira zofanana ndi za a Mendel, ndipo pepala la 1866 lidakumbukiridwa. Kenaka Ronald Fisher, J. B. S. Haldane ndi Sewall Wright adaonetsa ndi masamu kuti malamulo a Mendel ndiwo mwendo womwe chiphunzitso cha Darwin chinkasowa: popeza jini silisungunuka, chizindikiro chothandiza chikhoza kusungika ndi kufalikira mu mtundu wonse. Fisher yemweyo mu 1936 adadandaula kuti manambala a Mendel akugwirizana mopitirira muyeso ndi zomwe ankayembekezera. Nkhaniyi idakambidwa zaka zambiri, koma omwe adaiunikanso sadapeze umboni wa chinyengo, ndipo aliyense wobwereza ntchitoyo amapeza zomwezo.

A Mendel sadaone jini ndi maso. Omwe aliona ndi akafukufuku a nthawi yathu ino. Mu 1990 gulu la ku John Innes ku Norwich, ku England, lidapeza chomwe chimachititsa makwinya: kachidutswa ka DNA kolowerera kadakhala pakati pa jini lothandiza kupanga sitachi, n'kuliwononga. Njere yotero imakhala ndi shuga wambiri, imamwa madzi ambiri, ndipo ikauma imachita makwinya. Jini la kutalika lidadziwika mu 1997, la njere yobiriwira mu 2007, ndipo la mtundu wa duwa mu 2010. Mu 2019 DNA yonse ya nsawawa idawerengedwa, ndipo ndi yaitali kuposa ya munthu. Zizindikiro zitatu zotsala, zomwe ndi mtundu wa khoko, maumbidwe ake, ndi malo omwe maluwa amatulukira, zidafotokozedwa mu 2025 m'magazini ya Nature ndi akafukufuku a ku John Innes ndi a ku Shenzhen ku China, atayerekeza DNA ya mitundu ya nsawawa pafupifupi 700. Padatenga zaka 160 kuti sayansi imalize kumasulira zomwe munthu mmodzi adaona m'dimba.

Sayansi yomweyo idabwerera kwa mwini wake. Mu 2021, pokonzekera chikumbutso cha zaka 200 chibadwire iwo, akatswiri a ku Brno adafukula manda a ansembe aja. Adapezamo matupi asanu, ndipo adazindikira la a Mendel poyerekeza DNA yake ndi yomwe idatsalira pa zinthu zomwe iwo ankagwiritsa ntchito.

Kafukufuku wa masiku ano waonetsanso malire a lamuloli. Zizindikiro zambiri sizilamulidwa ndi jini limodzi. Mu 2022 akatswiri ataunika anthu oposa 5 miliyoni adapeza malo oposa 12,000 mu DNA okhudzana ndi msinkhu wa munthu. Koma malo aliwonse pa okha amatsatabe njira yomwe a Mendel adafotokoza.

Mawu omaliza

Ntchito ya a Mendel tili nayo pakhomo. Alangizi akamauza mlimi kuti asadzalenso chimanga cha haibulidi chomwe wakolola, akunena za zidzukulu zija: zomwe zidabisala m'mbewu yogula zimatulukira, ndipo zokolola zimatsika. Chimodzimodzinso chialubino. Mwana amabadwa wachialubino pokhapokha atalandira jini lake kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Makolo onse awiri akhoza kukhala akhungu lakuda, jinilo litabisala mibadwo yambiri, ndipo pa mimba iliyonse mwayi woti mwana akhale wachialubino umakhala umodzi pa inayi. Mkamwini wa m'mudzi mwathu uja adathawa chinthu chomwe adali nacho m'thupi mwake, ndipo mayi uja adasenza yekha mlandu womwe sudali mlandu.

Chimandipweteka ndi chakuti pa nthawiyo ndidali nditaloweza kale kabokosi ka zipinda zinayi, koma sindidadziwe kuti kakunena za mwana wa anansi athu. Phunzirolo lidafika kwa ine m'Chingerezi, ndipo lidathera pa pepala la mayeso. A Mendel adalankhula kwa anthu omwe sadawamvetse, ndipo padapita zaka 35 uthenga wawo uli m'kabati. Kwathu kuno uthengawo ukadali wotsekeredwa m'chiyankhulo chomwe ankhoswe ndi anyakwawa ambiri saweruzira milandu. Ife ophunzira chiyankhulo tili ndi gawo lathu pa ntchitoyi: kupeza mawu a Chichewa omveka bwino, oti mlangizi wa zaumoyo akaima pabwalo la mfumu n'kufotokoza kuti mwana amatengera mbali zonse ziwiri, agogo okhala pa mphasa amve ndi kuvomera.